Msewu wa Broadway ku Nashville ukudya mbewu

Munthu akaima pamphambano ya misewu ya Rep. John Lewis Way (umene kale unkatchedwa Fifth Avenue) ndi Broadway mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America, n'kuyang'ana kumunsi kumene msewu ukukathera pamtsinje wa Cumberland, amamva mabandi ambirimbiri akuimba nthawi imodzi moti sangathe kusiyanitsa nyimbo ina ndi inzake. Mabala a m'mbali mwa msewuwu amatsegula cha m'ma 10 koloko m'mawa ndipo ambiri satseka mpaka 3 koloko mbandakucha, mazenera ake amakhala chitsegulire kuti phokoso likoke odutsa, ndipo m'nyumba zosanja nsanjika iliyonse imakhala ndi bandi yakeyake. Pakhomo palibe cholipira. Otsatsa malonda a zokopa alendo amaloza khamu limeneli ngati umboni woti dzina loti Music City, kutanthauza mzinda wa nyimbo, likadali lamoyo. Ine ndikuona kuti khamuli likuchitira umboni nkhani ina, yoti msewu umene kale unkathandiza kubala nyimbo zatsopano lero ukungogulitsa mbiri ya nyimbo zimene zinabadwa kale, ndipo mzinda umene ukukondwera ndi malondawo ukudya mbewu imene unayenera kusunga kuti udzadzale.

Anthu olira zakale amakonda kunena kuti ndalama ndi zimene zaipitsa nyimbo za ku Nashville, koma mbiri ikuwatsutsa, chifukwa nyimbo za mumzindawu zinakulira m'manja mwa amalonda kuyambira pachiyambi. Wailesi ya WSM, imene inayamba kuulutsa mawu m'chaka cha 1925, inali ya kampani ya inshuwalansi yotchedwa National Life and Accident, ndipo phindu lake kwa eni ake linali loti ogulitsa inshuwalansi akamagogoda pamakomo a alimi ndi antchito a m'mafakitale azilandiridwa ngati anthu odziwika kale. Pologalamu ya nyimbo za kumidzi, zotchedwa country, imene muulutsi George D. Hay anaiyambitsa mu Novembala chaka chomwecho, imene mu 1927 inapatsidwa dzina loti Grand Ole Opry, inali nyambo ya malondawo. Ngakhale dzina loti Music City analitchukitsa ndi muulutsi wa wailesi yomweyo, David Cobb, cha m'ma 1950. Chofunika kufunsa, choncho, n'chakuti ndalamazo zikulipira chiyani. Kampani ya inshuwalansi ija, pofuna kuti omvera asatseke wailesi, inkasowa mawu atsopano Loweruka lililonse, ndipo njala imeneyo ndi imene inakokera kumzindawu oimba, opeka nyimbo, makampani oteteza ndi kugulitsa nyimbo, komanso masitudiyo amene anayamba kumera m'dera la Music Row pakati pa zaka za m'ma 1950.

Broadway analowa m'nkhaniyi kudzera kukhomo lakumbuyo. Mu 1943 Opry inasamukira muholo ya Ryman, nyumba imene Thomas Ryman, mwini sitima za pamtsinje, anatsogolera kumanga kuti ikhale kachisi wa misonkhano yachitsitsimutso atatembenuka mtima ndi ulaliki wa Sam Jones, ndipo inatsegulidwa mu 1892. Holoyo inali ndi mabenchi a m'tchalitchi, inkatentha koopsa m'miyezi yadzuwa, inalibe zipinda zokwanira zoti oimba adikiriremo, ndipo mowa sunkagulitsidwamo. Woimba akamaliza chigawo chake choyamba ankatuluka, kudutsa kanjira kopapatiza, n'kulowa khomo lakumbuyo la bala imene mayi Tootsie Bess anagula mu 1960. M'menemo munthu wotchuka ndi mnyamata wongofika kumene ndi gitala wake ankakhala patebulo limodzi, ndipo wopeka nyimbo ankatha kuimbira woimba wamkulu nyimbo yake pakhutu popanda kudutsa kwa mlembi kapena bwana aliyense. Willie Nelson, Roger Miller ndi Kris Kristofferson onse anakhalapo pamatebulo amenewo mayina awo asanamveke kutali, ndipo mayi Bess ankasunga m'kabokosi timapepala ta ngongole za oimba amene analibe cholipirira chakudya ndi chakumwa. Tsidya lina la msewu, m'sitolo ya zimbale ya Ernest Tubb, pologalamu ina inkaulutsidwa pakati pa usiku Opry ikangotha, ndipo achinyamata amene sanapatsidwe mpata pasiteji yaikulu ankapezako maikolofoni. Kufunika kwa Broadway wa masiku amenewo kunali kumeneko. Anali malo oyeserera, okumanirana ndi okongozana, ndipo omvera ambiri a m'chipinda cham'kati anali anthu a ntchito yomweyo, amene ankazindikira nyimbo yabwino akangomva mzere woyamba.

Pamene izi zinkachitika pakati pa mzinda, makilomita ochepa chakumpoto kunali msewu wina umene kwa zaka zambiri sunkatchulidwa m'zotsatsa malonda. Jefferson Street unali pachimake pa moyo wa anthu akuda a mu Nashville m'masiku a tsankho, ndipo m'mbali mwake munali sukulu zaukachenjede za Fisk, Meharry ndi Tennessee State, pamodzi ndi matchalitchi, masitolo, mahotela ndi malo azisangalalo a eni dera. Kwaya ya ophunzira a pa Fisk, imene inanyamuka mu 1871 kukaimba kuti ipezere sukulu yawo ndalama ndipo mu 1873 inaimbira Mfumukazi Victoria ku Britain, ndi imene inayamba kutengera dzina la Nashville kutsidya kwa nyanja, kutatsala zaka zoposa 50 kuti WSM ibadwe. M'makalabu a m'dera limeneli, monga Del Morocco, Club Baron ndi New Era, munkamveka nyimbo za blues, jazz ndi rhythm and blues. Katswiri wa gitala Jimi Hendrix atachoka kuusilikali ku Fort Campbell mu 1962 anakasula luso lake ku Del Morocco pamodzi ndi mnzake Billy Cox, ndipo woimba Etta James anajambula chimbale pamaso pa omvera ku New Era mu 1963. Usiku wailesi ya WLAC inkaulutsa nyimbo zoterezi mwamphamvu moti zinkamveka m'zigawo zambiri za dzikolo. Ngakhale Opry yeniyeniyo, mmodzi mwa akatswiri ake oyamba anali munthu wakuda, DeFord Bailey, woimba kachitoliro kapakamwa, amene anachotsedwa ntchito mu 1941 n'kutha zaka zambiri akupukuta nsapato, ndipo ulemu wolowa mu Country Music Hall of Fame, nyumba yolemekezeramo akatswiri a nyimbo za country, unam'peza mu 2005 atagona kale m'manda zaka 23.

Msewu wa Jefferson sunafe imfa yachilengedwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linadutsitsa msewu waukulu wa Interstate 40 pakati penipeni pa deralo, ndipo eni dera atakasuma kukhoti mu 1967 mlandu sunawakomere. Nyumba mazanamazana zinagwetsedwa, misewu ing'onoing'ono inaduka n'kusanduka yosatulukira kwina, Del Morocco anaphwasulidwa, ndipo makasitomala amene ankayenda wapansi kupita kukamvera nyimbo anamwazikana. Ndakhalitsa pankhaniyi pazifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti chithunzi choti Nashville ndi mzinda wa nyimbo za country zokha chinachita kusankhidwa ndi anthu amene anali ndi mphamvu yosankha, ndipo zotsalazo zinakwiriridwa ndi konkire. Chachiwiri n'chakuti mzindawu unaonapo kale ndi maso ake chimene chimachitika malo azisangalalo akalekanitsidwa ndi anthu okhala pafupi nawo, ngakhale zikuoneka kuti phunzirolo silinalowe.

Broadway nayenso anagwa posakhalitsa. Mu Malichi 1974 Opry inasamukira kuholo yatsopano kunja kwa mzinda, pafupi ndi malo azisangalalo a Opryland, pamwambo umene Pulezidenti Richard Nixon anafikapo, ndipo eni ake a Ryman ankaganiza zoigwetsa. Kanjira kaja kanasowa odutsamo, mayi Bess anamwalira mu 1978, ndipo msewuwo unadzaza ndi masitolo opinyolitsa katundu ndi nyumba zoonetsera mafilimu olaula. Aliyense amene amadandaula ndi khamu la lero ayenera kuvomereza kuti zaka zimenezo sizinali zabwino kwa woimba wina aliyense, ndipo ine sindikuzilakalaka.

Nyengo imene ndimaiona kuti ndi yophunzitsa kwambiri ndi ya zaka za m'ma 1990. Holo ya Ryman itakonzedwa inatsegulidwanso mu 1994, ndipo cha nthawi yomweyo bandi ya anyamata yotchedwa BR5-49 inayamba kuimba m'sitolo yogulitsa jombo ya Robert's Western World, mmene mwini wake anali atawonjezeramo mowa ndi kasiteji pazenera. Anyamatawa ankaimba maola ambiri usiku uliwonse modalira kangachepe ka omvera, ankasakaniza nyimbo zakale zimene mawailesi anali ataziiwala ndi zopeka okha, ndipo amene anayamba kudzaza sitoloyo anali anthu a mu Nashville momwemo, mpaka makampani ojambula zimbale anachita kutsika kuchokera ku Music Row kudzawafunafuna. Zimenezi zinatheka chifukwa lendi inali yotsika moti mwini malo sankataya kanthu polola bandi kuimba zimene ikufuna. Kenaka boma la mzinda linathirapo ndalama zake: bwalo lalikulu la masewera ndi zoimbaimba, limene lero limatchedwa Bridgestone Arena, linatsegulidwa pa Broadway pomwepo mu 1996, sitediyamu ya mpira inamangidwa tsidya la mtsinje mu 1999, Country Music Hall of Fame inasamukira pakati pa mzinda mu 2001, ndipo nyumba yaikulu yochitiramo misonkhano ya Music City Center inatsegulidwa mu 2013. Mzinda unalira mvula, ndipo mvulayo inabwera pamodzi ndi matope ake.

Kuyambira cha m'ma 2016 nyumba zakale za pamsewuwu zinayamba kugulidwa pamitengo ya mamiliyoni ambiri a madola n'kusandutsidwa mabala osanja katatu, kanayi kapena kupitirira, okhala ndi mayina a oimba otchuka. M'chaka cha 2018 chokha anatsegula malo otchedwa mayina a Blake Shelton, Jason Aldean, Luke Bryan, Dierks Bentley ndi Kid Rock, kenaka anatsatira a Miranda Lambert mu 2021, a Garth Brooks, ndi a Morgan Wallen mu 2024. Ambiri mwa malowa amayendetsedwa ndi makampani a malo odyera ndi omwera, ndipo chachikulu chimene woimbayo amabweretsa ndi dzina lake. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka mutu pansi. Kale munthu wosadziwika ankabwera pa Broadway kuti apeze dzina, pamene lero dzina lopezeka kale kwina ndi limene limapachikidwa pakhoma kuti ligulitse mowa. M'misewu mumayenda mathirakitala, mabasi opanda denga ndi ngolo zopalasa zonyamula magulu a anthu oledzera, ambiri mwa iwo atsikana operekeza mnzawo amene watsala pang'ono kulowa m'banja, mpaka khonsolo inachita kukhazikitsa malamulo oyendetsera magalimoto oterowo anthu atadandaula. Mu Epulo 2019, pamwambo wosankha osewera atsopano a ligi ya mpira wa ku America ya NFL, anthu pafupifupi 600,000 anasonkhana pamsewuwu m'masiku atatu, ndipo ochepa okha mwa iwo ndi amene anabwerera nyimbo.

Kuti timvetse chifukwa chake nyimbo yatsopano imavutika kumera pamalo oterowo, tiyenera kuona momwe woimba wa pa Broadway amapezera chakudya. Bandi imapatsidwa maola anayi, kawirikawiri opanda kupuma kwenikweni, chifukwa siteji ikangokhala chete makasitomala amatuluka n'kukalowa khomo lotsatira. Malipiro ochokera kwa mwini bala amakhala ochepa, ndipo gawo lalikulu limachokera m'chidebe chimene mmodzi wa oimbawo amayenda nacho pakati pa omvera, komanso kwa anthu opempha nyimbo, amene mwachizolowezi amaponya madola 20. Munthu amene watsika ndege Lachisanu ndipo adzakweranso Lamlungu saponya madola 20 kuti amve nyimbo imene sanaimvepo. Amafuna imene angaimbe nawo atakweza botolo m'mwamba, kaya ndi ya country kapena ya rock ya zaka za m'ma 1980. Mwini bala naye, amene ali ndi ngongole kapena lendi ya nyumba ya mamiliyoni, sangalole mphindi zisanu zoti khamu lizizire pamene mtsikana wina akuyesa nyimbo imene wapeka dzulo. Palibe munthu woipa m'nkhaniyi, ndipo aliyense akuchita chanzeru malinga ndi pamene waima, koma zotsatira zake n'zakuti akatswiri a gitala, ena mwa iwo osapambanika padziko lonse, amatha zaka akubwereza nyimbo zomwezomwezo za eni ake.

Otsutsana nane ali ndi mfundo zimene sindingazikankhire kumbali. Amati ndi misewu yochepa kwambiri padziko lapansi imene imalemba ntchito oimba ochuluka chotere tsiku lililonse la chaka, ndipo izi n'zoona. Woimba ng'oma amene m'mizinda ina akanamagwira ntchito ina masana, ku Nashville amatha kulipira nyumba ndi ndodo zake zokha, ndipo munthu amene waimba maola anayi kasanu pamlungu amakhala ndi dzanja lokhwima moti oimba akuluakulu akamafuna bandi yoyenda nayo amadziwa kokayang'ana. Amatinso nyimbo za ku Nashville sizinkapekedwa m'mabala ngakhale kale, koma m'timaofesi ta ku Music Row, ndipo ofuna kumva zatsopano ali ndi kopita, monga ku Bluebird Cafe, imene inatsegulidwa mu 1982, kapena ku Station Inn, kumene nyimbo za bluegrass zakhala zikumveka kuyambira m'ma 1970. Mwa kuona kwawo Broadway ndi msika chabe, ndipo munda uli kwina.

Ndikanavomereza zonsezi zikanakhala kuti msikawo sukulowerera m'munda. Kukwera mtengo kwa malo sikunathere pa Broadway. Mu 2014 situdiyo yotchuka ya RCA Studio A inatsala pang'ono kugwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zogona zapamwamba, ndipo inapulumuka chifukwa choti anthu ena achuma anaigula nthawi itatsala pang'ono kutha, pamene nyumba zina makumi angapo za ku Music Row zinalibe wozipulumutsa, moti mu 2019 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika deralo pamndandanda wa malo 11 a mbiri amene anali pangozi kwambiri m'dzikolo. Douglas Corner, kumene opeka nyimbo ankayesera ntchito zawo, anatseka mu 2020. Mercy Lounge anachoka pamalo ake mu 2022 pangano la lendi litatha, ndipo chaka chomwecho anthu amene anayendetsa Exit/In kwa zaka zambiri, kalabu ya anthu pafupifupi 500 imene inayamba mu 1971, anatuluka nyumbayo itagulitsidwa. Station Inn, kanyumba ka miyala kopanda chosanja, lero kazunguliridwa ndi nyumba zitalizitali za galasi. Oimba nawonso akukankhidwira kutali ndi mzinda chifukwa nyumba zambiri zapafupi zikubwerekedwa kwa alendo a masiku awiri kapena atatu. Mlendo ndi mame, ndipo tsiku limene magulu operekeza akwati adzapeze mzinda wina wowasangalatsa, chimene chidzasunge dzina la Nashville ndi nyimbo zimene zikupekedwa panopa m'zipinda zing'onozing'ono zimene zikutsekedwazi.

Pali chinthu chimodzi chabwino chimene chachitika pa Broadway m'zaka zaposachedwa, chimene ndi kutsegulidwa kwa National Museum of African American Music mu Januwale 2021, moyang'anana ndi holo ya Ryman. Mlendo amene wabwerera chipewa ndi jombo tsopano amatha kumva za kwaya ya pa Fisk ndi za mizu imene nyimbo za country zimagawana ndi blues. Komabe sindingalephere kuona kuti mbiriyo yaikidwa pamene pamadutsa alendo, pamene dera limene linaibala likadali loduka pakati ndi msewu waukulu uja, ndipo nyumba yosungiramo zakale, ngakhale ikhale yokongola chotani, siphunzitsa mwana wazaka 19 kuimba pamaso pa anthu amene angam'kuwize akalakwitsa.

Sindikupempha kuti mabala a mayina otchuka atsekedwe, ndipo palibe khonsolo imene ingalamule bandi kuti iziimba nyimbo zakezake. Chimene boma la mzinda lingachite chili pamalo ndi pamisonkho, ndipo laonetsa kale kuti likafuna chinthu ndalama zimapezeka. Mu Epulo 2023 khonsolo ya Nashville inavomereza ngongole ya madola 760 miliyoni yomangira sitediyamu yatsopano ya timu ya mpira wa ku America ya Titans, kuwonjezera pa madola 500 miliyoni ochokera kuboma la Tennessee, ndipo gawo lina la ngongoleyo lidzabwezedwa ndi msonkho wowonjezera pa zipinda za m'mahotela. Alendo ogona m'zipindazo amabwera chifukwa cha dzina limene oimba anapanga, choncho n'chilungamo kuti kachigawo kokhazikika ka msonkho woterowo kazipita kukagula kapena kuteteza nyumba za makalabu a anthu 100 mpaka 500, kuchepetsa msonkho wa malo kwa eni nyumba amene alonjeza kuzisunga ngati malo oimbira, ndi kumanga nyumba zimene woimba gitala wa maola anayi angakwanitse kulipira popanda kuyenda ulendo wa ola lathunthu usiku. Ndalama zonsezo pamodzi sizingafike ngakhale pa mtengo wa denga la sitediyamuyo. Nyumba ya Club Baron, mmene Hendrix anaimbamo ali mnyamata, ikadaimirira pa Jefferson Street m'manja mwa bungwe la Elks, ndipo ndikanakhala wogawa ndalamazo ndikanayambira pamenepo.